Tinamanga Chiliza, Tinaphonya Manda

Lachiwiri m'mawa ndinali kumanda akale a mzinda wathu uno, kamvula kaja kowaza ka ku Mzuzu kakundilowa m'khosi, nsapato zanga zopitira kutchalitchi zitasanduka zidina za matope ofiira. Ndinapita kukaloza malo. Ntchito yake ndinkaiyesa yaifupi: kufika, kutambasula dzanja, kunena kuti "kumbani apa," n'kubwerera kusiwa tiyi asanazizire.

Tinatha m'mawa wonse.

Azakhali anga, aNyaLongwe, mlongo wawo wa bambo anga, anatisiya Lamlungu masana. Amene munakulira ku Chibavi mwina anakugwiranipo dzanja pokuphunzitsani kugwira pensulo, chifukwa moyo wawo wonse wa ntchito anauthera pa ana a sitandade wani. Sanasiye kalata yogawa chuma, poti chogawacho panalibe. Anangosiya mawu amodzi, ndipo anawanena kwa abusa, kwa amayi anzawo a kumpingo, kwa ife, ngakhale kwa wakabaza amene ankawanyamula popita kuchipatala: "Ine mukandiike pambali pa adada ake a Yotamu."

Abale a ku Nkhata Bay anafika Lolemba ali okonzeka kunyamula thupi. Mukudziwa mmene timachitira ife a kunyanja. Munthu angakhale m'tauni mpaka kumera imvi, tsiku lomaliza timamukweza lole n'kutsika naye phiri, chifukwa woikidwa m'tauni amaoneka ngati analibe kwawo. Koma mawu a azakhali anali atalowa m'makutu ambiri, ndipo panalibe wolimba mtima woti awatsutse pamaso pa amayi a kumpingo. Amayi amenewo akavala zoyera n'kukhala pansi osayankhula, ngakhale malume wolusa amayamba kuyang'ana nsapato zake.

Manda akalewo anatsekedwa. Salandiranso munthu, kupatula amene mwamuna kapena mkazi wake anatsogola momwemo ndipo pambali pake panatsala malo. Chilolezo tinapatsidwa. Chotsala chinali kuwalozera adzukulu pokumba.

Tinapita atatu. Panali ine. Panali msuweni wanga Yotamu, mwana yekhayo wa malemu, amene amagwira ntchito yaikulu ku Lilongwe ndipo foni yake siidziwa Sabata. Panalinso aNyaMhone, mnzawo wa azakhali wa pa benchi imodzi ya kutchalitchi. Iwowa palibe anawaitana. Tinangowapeza atakhala kale m'galimoto, ambulera ili pamiyendo.

"Amama, kunja kukuzizira chomene," anatero Yotamu. "Bwanji mutsale? Ife tikungokaloza basi."

"Ndiye ndikaone mmene mumalozera," anayankha, maso ali kutsogolo.

Ngati simunalowemo m'manda amenewa, lowanimo tsiku lina muli ndi moyo. Mbiri ya mzinda uno ili mmenemo, yoyalidwa mizeremizere. Woyang'anira malowa, a Nyirenda, mdala woonda wa majombo aakulu kuposa miyendo yake, anatiyendetsa ngati akutionetsa zipinda za nyumba yake.

Pafupi ndi geti pali azungu a nthawi ija mzinda uno unali esiteti chabe. Awa anazunguliridwa ndi kampanda kachitsulo, ngati kuti ngakhale pansi pa nthaka pangafike munthu wosagogoda. Kumbuyo kwawo kuli makalaliki oyamba, aphunzitsi ndi alaliki, mayina awo olembedwa ndi msomali pa simenti yaiwisi. Kumbuyo kwa awo kuli anthu wamba, amene mitanda yawo inazulidwa ndi ogula zitsulo zakale. Mwina ina ndi mbaula zimene tikuphikira lero. Kumapeto kwenikweni kuli udzu wofika m'chiuno, kenako chimanga cha munthu wina amene anazindikira kuti akufa sakangana za malire.

Bwana kutsogolo, kalaliki pakati, wantchito kumbuyo. Timati imfa imasalaza onse, koma pano inapeza ife titagawa kale mipando.

"Chaka chatha kunabwera zidzukulu za mzungu uyu," anatero a Nyirenda akuloza ndi chikwanje. "Zochokera kutali, pandege. Zinali ndi kapepala ka mapu kojambulidwa ndi agogo awo aakazi. Sizinandifunse n'komwe. Zinangowerenga mizere, n'kuima, n'kuyamba kulira. Koma anthu a pa Masasa pomwepa, bwana, amafika pageti n'kundifunsa kuti, 'Adada athu ali pati?' Ngati ndine ndinawataya."

Tinaseka, ine ndi Yotamu. Tinaseka ndi mtima wonse, monga amasekera anthu amene nkhani siikuwakhudza. ANyaMhone sanaseke.

Ife sitinafunike kufunsa munthu. Chiliza cha a Kamanga, bambo ake a Yotamu, chimaoneka uli pamsewu. Mwala wakuda wonyezimira, wofika pachifuwa, nkhunda ziwiri pamwamba, dzina lolembedwa mwagolide. Unasemedwa ngati buku lotsegula: tsamba lakumanzere lili ndi dzina la bambo, lakumanja ndi losalemba, likudikira mayi.

"Apa," anatero Yotamu, akuyeza malo ndi mapazi. "Galimoto ya bokosi ifika mpaka apo. Tenti iime uko. Wa kamera aime pano, kuti mwala uzioneka kumbuyo kwa abusa."

Adzukulu analavulira m'manja n'kunyamula mapiki.

"Imani," anatero aNyaMhone.

Sanakweze mawu. Munthu amene anazolowera kuimitsa kwaya ndi chala chimodzi safuna kukuwa.

"Mukufuna kumuika mnzanga pambali pa ndani?"

"Pambali pa adada, amama. Si awa?"

"Ili ndi dzina la adada ako. Adada ako ali uko." Analoza ndi ambulera kumapeto kuja, ku udzu wofika m'chiuno.

Mdzukulu wina anatsitsa piki pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa mwini malo.

Ndikubwezeni m'mbuyo kuti mumvetse.

A Kamanga anamwalira Yotamu ali ku sekondale. Zaka zambiri pambuyo pake, iye atakwezedwa pantchito, anaganiza zowamangira chiliza. Maganizo abwino, ndipo Mulungu amene anatilamula kulemekeza atate ndi amayi sangawanyoze. Koma anafuna kuti amayi ake adzangodzidzimuka nacho, zija za masiku ano zobisirana mphatso. Anadikira kuti azakhali atsikire kunyanja kukakumba chinangwa chawo. Kenako anaimbira mmisiri foni ali mu ofesi ku Lilongwe: "Manda achitatu kuchokera pa bulugama wamkulu."

Anakumbukira bwino ndithu. Chimene sanadziwe n'choti bulugama wa tsiku la maliro uja anali atasanduka nkhuni kalekale. Mmisiri anafika, anapeza bulugama mmodzi yekha m'manda monse, pafupi ndi njira, anawerenga mpaka atatu, n'kuthira simenti.

Safunsa anadya phula. Koma ife sitinangodya. Tinaitananso anthu kuti adzatiwombere m'manja tikutafuna.

Ndinalipo pa tsiku lovundukula chilizacho. Banja lonse tinasoketsa nsalu yofanana, nkhope ya malemu ili pamimba pathu. Kunabwera mabwana a Yotamu, makwaya awiri ndi wa vidiyo. Ndipo amene anawerenga Malemba tsiku limenelo, ndi mawu onjenjemera bwino pamalo poyenera, anali ine. Ndinawerenga za kholo lathu lija la m'chikhulupiriro, limene linakana manda aulere n'kugula munda ndi phanga lake, kuti pasadzakhale wokayika pamene panagona mkazi wake. Ndinatseka Baibulo n'kuwonjezera mawu angaanga, oti banja lodziwa pamene anagona ake ndi banja lodala. Anthu anavomera kuti ame.

Ndinali nditaima pamutu pa mlendo.

Tibwerere ku Lachiwiri. Yotamu anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mwala unali pomwepo.

"Nanga amama bwanji sananene?"

"Akananena nthawi yanji?" anafunsa aNyaMhone. "Nsalu yophimba mwala ikuchotsedwa, mabwana ako akuwomba m'manja, iwe ukulira misozi yeniyeni? Ndinali pambali pake. Anandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala. Pobwerera anati, 'Mwana wachita ndi mtima wonse, ndisamuvule pagulu. Ndimuuza mawa.' Mawa lakelo iwe unali utanyamuka tambala asanalire, kuti uli ndi miting'i."

"Koma zaka zonsezi, amama?"

"Zaka zonsezi unafikako kangati kuno kuti akuonetse? Ukabwera pa Khirisimasi injini siizizira. Pa foni si polozera manda, mwana wanga. Iweyo unayesa, waona mmene zinathera."

Anatiuzanso china. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, iwo awiri ankabwera ndi matsache. Ankayamba kumapeto kuja, kwa mwamuna weniweni, kenako ankabwera kudzasesa pa chiliza. Azakhali ankati, "Uyu wasenza dzina la m'nyumba mwanga, ndiye wasanduka mlamu wanga." Anasiya kubwera mvula itayamba, miyendo itakana, ndiye udzu unapeza mpata.

"Enya, bwana, n'zoona," anatero a Nyirenda. "Amama aja amasesa pawiri. Ine ndinkayesa anakwatiwa kawiri."

Yotamu anandikokera pambali, kuseri kwa bulugama wolakwa uja.

"Msuweni, iwe ndiwe wa Baibulo. Akufa amadziwa kanthu?"

"Malemba amati sadziwa."

"Ndiye vuto lili pati? Pulogalamu yasindikizidwa kale. Pachikuto pali mwala uwu, pansi pake talemba kuti akumananso. Anthu anyamuka ku Lilongwe. Ndiwadutsitse pa dzina la adada, ndiwalowetse m'tchire, ndikawauze chiyani? Kuti ndinapha ng'ombe polemekeza munthu wosamudziwa? Tiwaike amama pano. Nkhaniyi tikuidziwa ndife anayi okha."

"Nanga adzukuluwa?"

"Adzukulu sayankhula."

"Iwe, adzukulu ndiwo wayilesi ya ku Zolozolo. Dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika kumsika."

"Usandiseke, abusa opanda kolala. Unalalikira pamenepa ndiwe. Ndikachita manyazi ine, nawenso wachita."

Apo anandilasa. Ndivomereze pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu kuti ndinatsala pang'ono kugwirizana naye. Mtima wa munthu ndi wonyenga, ndipo ukafuna kubisa manyazi umathamangira ku Baibulo kukafuna vesi yoti udzifunditse.

Mavesiwo ndinawapezadi, ndipo ndi oona. Lipenga lomaliza silidzayenda ndi tochi kuwerenga ziliza. Mtumiki wamkulu uja amene anatsogolera anthu m'chipululu anaikidwa ndi Mulungu mwini, ndipo mpaka lero palibe adziwa manda ake, koma sanatayike. Asodzi athu amene nyanja inawameza osawabweza adzauka tsiku limodzi ndi mafumu ogona m'nyumba za miyala. Azakhali, kaya agone pafupi ndi njira kaya kutchire, ali m'manja amene sataya kanthu. Zimenezo ndimazikhulupirira ndi mtima wanga wonse.

Koma funso silinali loti Mulungu adzawapeza bwanji. Funso linali loti ife tichita nawo chiyani mawu awo.

Mayi ameneyu sanapemphe bokosi lochokera kunja. Sanapemphe makwaya awiri. Anasunga chinsinsi chowawa zaka zonsezi pofuna kuphimba mwana wake, ndipo pobwezera anapempha chinthu chimodzi chokha. Ife tinali pafupi kuwagoneka pambali pa mwamuna wa mwini, kuti chithunzi chituluke bwino.

Abale, kodi maliro athu asanduka a ndani?

Tayang'anani mmene timachitira. Munthu amadwala miyezi ku Zolozolo, wopanda womutengera ngakhale phala. Akangotsirizika, gulu la pa foni limatsegulidwa thupi lisanazizire. Komiti ya zakudya, komiti ya mayendedwe, komiti ya nsalu, komiti ya maluwa, komiti yolandira alendo olemekezeka. Aliyense ndi wapampando wa chinachake. Komiti yodzasesa kumanda chaka chamawa ndiyo sindinaimvepo.

Pa tsikulo, kuyala nkhata kumatalika kuposa ulaliki. Amaitana potsata maudindo, ndipo woitanidwa mochedwa amakwiya sabata yonse. Wamasiye amene anatsuka malemu usana ndi usiku amayala nkhata yake mwachangu kuti apatse njira bwana amene sanadziwe n'komwe kuti malemu ankadwala. Mbiri ya malemu imawerengedwa, ndipo mungadabwe kuti dziko lino lavuta bwanji pamene onse omwalira anali ofatsa, opatsa ndi okonda kupemphera.

Kenako chiliza. Kale chinali simenti ndi dzina. Lero ndi mpikisano. Pali za matailosi, za magalasi, za zithunzi, ndipo ndinaonapo china chofoleredwa ndi malata atsopano pamene nyumba ya mkazi wa malemuyo ikudontha. Timayeza chikondi ndi kutalika kwa mwala. Tikavundukula, tikajambulitsa, tikadya mpunga, timakwera magalimoto, ndipo kumandako tidzapondanso tsiku limene wina adzatinyamule.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti chiliza ndi tchimo. Makolo a m'Malemba nawonso ankaimika miyala, kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake apeze pofotokozera. Koma mwala umenewo unali woyambitsa nkhani pakati pa kholo ndi mwana. Wathuwu ndi wotsekera nkhani. Timauimika kuti uzikumbukira m'malo mwathu, ife tipume.

Ambuye wathu anali ndi mawu owawa kwa anthu okongoletsa manda kunja, ndiponso kwa omangira ziliza aneneri amene ali moyo sanawamvere. Ndakhala ndikuwerenga mawu amenewo ngati onena za anthu a mikanjo a nthawi yakale. Lachiwiri ndinawapeza akunena za munthu wa nsapato zamatope, woima kuseri kwa bulugama.

Ndinamuuza Yotamu kuti sindingathe. Sindinalalikire, ndinali nditalalikira kale mokwanira pamalo amenewo. Ndinangoti, "Anakuphimba zaka zonsezi. Lero ndi tsiku lako lowaphimba."

Anabwerera kwa aNyaMhone, ndipo ndinaona kuti wapeza pothawira pena.

"Amama, pepani chomene, koma nanunso ndinu munthu. Uko kulibe mtanda, kulibe dzina. Mmisiri anaphonya. Inu tidziwa bwanji kuti simukuphonya?"

"Tiye," anatero.

A Nyirenda anatsogola akutchetcha ndi chikwanje. Tinadutsa makalaliki, tinadutsa alaliki, tinalowa kwa anthu wamba. Buluku la Yotamu linadzaza chisoso mpaka m'mawondo. Pena aNyaMhone anaima n'kugogoda pansi ndi nsonga ya ambulera. Chinali chitsa chachikulu chowola, chomera bowa. Bulugama wa tsiku la maliro uja.

Anawerenga milu itatu. Anandipatsa ambulera, anagwada pamatope ndi chitenje chawo choyera, n'kupatula udzu ndi manja.

Miyala.

Yobulungira, yosalala ngati mazira, ina yoyera, ina yotuwa, ina ya mizere. Inayalidwa kuzungulira mulu wonse, mzere pamwamba pa mzere, ina itamira m'dothi ndi ukalamba, ina ikadali yowala. Aliyense wobadwira kunyanja amaidziwa miyala imeneyo. Ndi ija mafunde amaisula m'mphepete mwa madzi. M'dothi lofiira la ku Mzuzu simungaipeze ngakhale mutakumba mpaka mawa.

"Adada ako anamwalira pakati pa dzinja, msewu wa kunyanja utaduka," anatero aNyaMhone akadali chogwada. "N'chifukwa chake anagona kuno. Chinamuwawa mnzanga kuti mwamuna wake sanafike kwawo. Ndiye anati, 'Poti sindinathe kumupititsa kwawo, kwawoko ndizimubweretsera.' Ulendo uliwonse wochokera ku Nkhata Bay, miyala iwiri kapena itatu, pansi pa ufa wa kondowole ndi usipa."

Yotamu ananjuta. Anatola umodzi, anaupukuta ndi chala chachikulu, anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinkakawachingamira kudepoti," anatero, osayang'ana aliyense. "Chikwama chinkalemera. Ndinkadandaula njira yonse mpaka ku Chibavi. Ndinkati, 'Amama, mwaikamo miyala kodi?' Iwo ankangoti, 'Enya, yenda.' Ine n'kumaseka."

Foni yake inalira m'thumba. Inalira mpaka inatopa yokha.

Anabwezera mwala uja pamalo pake penipeni, pa kadzenje kamene unasiya. Anaimirira n'kukodola adzukulu.

"Kumbani apa."

"Bwana, kuno galimoto siifika," anatero mkulu wa adzukulu.

"Tinyamula."

"Nanga tenti?"

"Tinyowa."

Tinawaika Lachinayi. Ndikanakonda mukanaona. Galimoto ya bokosi inaima pafupi ndi chiliza chonyezimira chija, ndipo alendo a ku Lilongwe anayamba kudzikonza pamenepo, aliyense akufuna malo oonekera. Kenako anaona bokosi likuwapitirira pamapewa athu, kulowera kutchire. Nsapato zazitali zinatitimira. Masuti anakolola chisoso. Wa kamera anaterereka kawiri. Amayi a kumpingo okha ndiwo anayenda ngati akupita kumunda kwawo, akuimba, aNyaMhone ali patsogolo.

Itafika nthawi ya mawu a banja, Yotamu anapinda pepala limene analemba n'kuliika m'thumba.

"Mwala mwaudutsa uja ndinamanga ndine," anatero. "Ndinaphonya, chifukwa sindinafunse amama. Adada ali pano. Amama ndiwo ankadziwa njira. Yewo."

Ndamvapo mawu a banja ambiri pamaliro, ena otalika mpaka bokosi kuyamba kutentha ndi dzuwa. Aafupi chotere sindinamvepo, ndipo sindinaonepo anthu akumvetsera chotere. Bwana wina wa imvi, amene ndinamuona akuwomba m'manja tsiku lija la nsalu yofanana, anawerama n'kumayang'ana miyala ija. Sindikudziwa amaganiza za manda a ndani.

Chiliza chikadali pomwe chinali. Banja lapanga komiti, monga mwa mwambo wathu, yoti ione ngati chingazulidwe osasweka. Ndinafunsa a Nyirenda kuti wagona pansi pakeyo ndani. Anatsegula kaundula wakale wa mandawo, ndipo tsamba lake linali litadyedwa ndi chiswe.

Nkhani ya munthu ameneyu ndiyo ikundisowetsa mtendere. Kumbali ina wachita mwayi: analandira makwaya awiri, maluwa, pemphero langa lalitali, ndi tsache la mayi wokhulupirika mwezi ndi mwezi. Koma ndani akudziwa ngati pakati pa anthu aja ofunsa pageti panalibe ana ake? Mwina anakumbukira bwino, anafika pamalo pake penipeni, anapeza dzina la eni lolembedwa mwagolide, n'kubwerera akudziimba mlandu kuti aiwala. Sitinangophonya wathu. Tinabisanso wa anzathu. Chonditonthoza n'chimodzi: dzina limene chiswe chinadya, kumwamba linalembedwa pamene chiswe sichifika.

Anthu akubalalika Lachinayi lija, aNyaMhone anandiitana pageti. M'manja anali ndi tsache lakutha, lomangidwa ndi mphira, chogwirira chake chitasalala ndi dzanja la azakhali.

"Inu a Malemba," anatero, "mawondo angawa atha. Loweruka loyamba la mwezi. Muziyamba kumapeto kuja. Manda ndi atatu tsopano, musamuiwale mlamu."

Tsachelo lili kuseri kwa chitseko changa, pafupi ndi nsapato zija zimene sindinathebe kuzichotsa matope.

Nanga inu, atati ogula zitsulo zakale aja atembenukire ku miyala n'kuzula ziliza zonse, mungayende molunjika kukaima pamene anagona amene anakuberekani? Kapena tidzakupezani pageti, mukufunsa a Nyirenda?